Kwa Adzukulu Anga Amene Mwayamba Kuyenda ndi Miyala M'thumba

Adzukulu anga a kuno ku Dowa, ndi inu a kumapiri a Ntchisi, nkhani ya miyala yamtengo wapatali yakula pakati panu, ndipo ine sindingakhale chete. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo, mnyamata akangogulitsa soya kapena akangolandira ndalama za fodya kuchokera ku okushoni ku Kanengo, sipalephera kupezeka wina womukokera kuseri kwa golosale n'kumumasulira kansanza. M'kansanzamo muli kamwala kofiira, kapena kobiriwira, kapena koyera mbee. Mawu ake sasintha: kachokera ku Mozambique, mwini wake ali ndi matenda pakhomo ndiye akufuna ndalama lero lomwe, ku Lilongwe kuli bwana wakunja amene adzapereka kakhumi kuposa apa. Thukuta la chaka chathunthu limachoka m'manja dzuwa lisanapendeke. Ena mwa inu mwafika potenga ngongole ku banki m'khonde, ena mwapinyolitsa njinga yamoto. Zimenezi zimandiwawa mtima.

Sindikukuletsani malonda a miyala ayi. Chuma chilimodi m'nthaka ya dziko lino. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu anapezapo rube ndi safiro mu 1958, ndipo miyala ya pamenepo yagulitsidwa mpaka ku America. Ku Mzimba anthu akhala akukumba akwa, ametisiti ndi nsangalabwi yapinki kwa zaka zambiri. Ku phiri la Malosa ku Zomba kumatuluka miyala yakuda yosongoka imene osunga miyala a kunja amailimbirana, ndipo ku Ngabu kuli ageti wabuluu. Kutsidya kwa malire, Lundazi amadziwika ndi akwa ndi tomalini, mgodi wa Kagem ku Zambia komweko ndi wa emarodi, ndipo ku Montepuez ku Mozambique rube anatulukira mu 2009 n'kugwedeza msika wa dziko lonse. Chifukwa choti zenizeni zilipo n'chimene chimapatsa mphamvu wonama. Akanakhala kuti rube kulibe konse kuno, palibe akanamumvera.

Choyamba choti muchidziwe n'chakuti miyala yowala imene ikuyenda m'matumbayi si yamtundu umodzi. Pali wokumbidwa pansi. Pali wongofanizira, monga galasi la botolo, pulasitiki, kapena nsangalabwi yonyikidwa mu utoto. Ndiye pali wachitatu, umene ambiri mwa inu simunaumvepo, koma ndi umene ukumaliza ndalama za anthu: mwala weniweni koma wopangidwa ndi munthu m'fakitale.

Pa wachitatuwu ndikhalitsapo. Mu 1902 katswiri wina wa ku France, Auguste Verneuil, analengeza njira yopangira rube pamoto. Amatenga ufa woyera wa zinthu zomwezo zimene zimapanga rube m'nthaka, aluminiyamu wogwirana ndi okosijeni, n'kuthiramo kromiyamu pang'ono woti ufiiritse. Ufawo umagwa pang'onopang'ono kudzera m'lawi lotentha kupitirira madigiri 2,000, umasungunuka, umadontha, n'kumaumirana, mpaka pakapita maola angapo patuluka chimwala chofiira psuu, chachitali ngati chala. Chimene nthaka imachita m'zaka mamiliyoni, iye anachichita tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo mafakitale akhala akupanga rube ndi safiro wotere wochuluka zedi, wina woika m'kati mwa mawotchi, wina wopangira magalasi osakandika, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Mvetsetsani bwino apa: mwala umenewu si galasi. Kulimba kwake n'kwa rube, kulemera kwake n'kwa rube, kuwala kwake n'kwa rube. Nkhuku yoyera ya m'khola lamagetsi, yokula m'masabata 6, ndi nkhuku ndithu, ndipo woigulitsa pa dzina lake sanalakwire munthu. Koma akaisosola n'kukulipiritsani mtengo wa tambala wachikuda, wakuberani. Mlandu wa mwala wa m'fakitale umayambira pomwepo, pamene munthu waupaka dothi n'kulumbira kuti waufukula.

Ndipo amaupakadi dothi. Inu mumaganiza kuti mwala wabodza umapezeka m'mashopu a m'tauni okha, kuti mukakagula kumgodi kwenikweni, m'manja mwa munthu wamatope m'miyendo, ndiye kuti mwapeza weniweni. Akathyali anazidziwa kale zimenezo. Amatenga chimwala cha m'fakitale chija n'kuchiswa tizidutswa, n'kutipera pa mwala wonolera kuti tioneke ngati takokoloka ndi madzi a mumtsinje. Ena amatitenthetsa n'kutiponya m'madzi ozizira kuti tichite ming'alu ngati ya mwala wakuthengo. Akatero amatisakaniza ndi timiyala tenitenito totsika mtengo, n'kupita nato kumene anthu akukumba. Akatswiri oyeza miyala amene amayendera migodi ya mu Africa ndi ku Asia akhala akuchenjeza za zimenezi kwa nthawi yaitali. Pafupi ndi mgodi m'pamene wogula amagonetsa maso, choncho m'pamene bodza limagulika bwino. Wina mwa okumbawo amakhala kuti naye anachita kunamizidwa, ndipo akamalumbira kuti ndi weniweni amalumbira ndi mtima woona.

Nanga mungatani inu, opanda makina? Pali zimene mungathe ndi pali zimene simungathe, ndipo munthu wanzeru amadziwa malire a ziwirizi.

Yambani ndi kulimba. Mu 1812 Mjeremani wina, Friedrich Mohs, anandandalika miyala kuyambira wofewetsetsa pa 1 kufikira dayamondi pa 10, ndipo muyeso wakewo ukugwirabe ntchito. Jipisamu, amene amapezeka m'madambo a ku Mponela, ali pa 2. Nthawi zina amaoneka woyera ndi wowala bwino, koma mukamukanda ndi chikhadabo amalembeka. Galasi la botolo lili pakati pa 5 ndi 6, limodzi ndi mpeni wamba. Nsangalabwi, imene mumaiponda tsiku ndi tsiku m'njira za kumunda, ili pa 7. Akwa ndi emarodi ali pakati pa 7 ndi 8. Rube ndi safiro ali pa 9. Ndiye muziyenda ndi kachidutswa ka nsangalabwi kakuthwa. Munthu akakuonetsani mwala wosasema n'kunena kuti ndi rube, mupempheni kuti mukandeko pakangodya. Mukakanda, pukutani ndi chala chonyowa, chifukwa nthawi zina mzere woyerawo umakhala ufa wa nsangalabwi yanu yomwe. Mzere ukatsala, si rube, bwererani kwanu. Mwala wosemedwa kale musaukande, mungalipire mlandu. Koma kumbukirani kuti mayeso amenewa amagwira galasi lokha. Rube wa m'fakitale amawadutsa osatsimphina.

Ndamvanso anyamata akunena kuti mwala ukakanda galasi la zenera ndiye kuti ndi dayamondi. Nsangalabwi nayo imakanda galasi. Ena amati dayamondi weniweni saphwanyika ndi hamala. Amaphwanyika ndithu, ndipo miyala yabwino yawonongeka chifukwa cha bodza limenelo. Kusakandika ndi kusasweka ndi zinthu ziwiri.

Kenako kulemera. Inu amene munafika ku sekondale mungachite izi ndi sikelo yaing'ono ya mabatire, kapu ya madzi ndi ulusi. Yezani mwala, lembani nambala. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, ibwezereni pa ziro, ndipo mulowetse mwalawo m'madzi uli lende pa ulusi, usakhudze pansi kapena m'mbali. Lembani nambala yachiwiri. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Galasi wamba limapereka pafupifupi 2.5, nsangalabwi 2.65, akwa pafupifupi 2.7, dayamondi 3.5, rube ndi safiro 4. Mwala ukakhala waung'ono kwambiri sikelo yotchipa imasokoneza, choncho njirayi ndi ya miyala yokulirapo. Dziwaninso kuti galamu imodzi ndi makalati 5. Wogula wina amatchula mtengo wa kalati, wina wa galamu, ndipo wosadziwa amapunthidwa pa masamu okhaokha mwala uli weniweni.

Koma chida chachikulu kuposa zonse ndi lupu, kagalasi kaja kokulitsa chinthu kakhumi, pamodzi ndi tochi. Mwala uliwonse umasunga m'mimba mwake mbiri ya mmene unakulira. Utsukeni, uikeni m'kapu yoyera ya madzi, uwalitseni cham'mbali kapena chapansi, ndipo muyang'ane modekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona tithovu tozungulira ngati ta mu sopo, ndiye kuti mwina ndi galasi, mwina ndi rube wa Verneuil, pakuti zonsezi zinasungunukapo pamoto wa munthu. Galasi limaonetsanso mizere yoyenda mokhotakhota ngati ya madzi osasakanizika bwino, ndipo mukaliika patsaya limafunda msanga pamene mwala umakhalabe wozizira kwa kanthawi. Rube wa Verneuil ali ndi mizere yopindika, yotsatizana, yosonyeza mmene madontho aja ankaunjikirana. Nthaka sipanga mizere yopindika m'kati mwa rube. Wokumbidwa pansi mizere yake imakhala yowongoka, yokumana pa ngodya, ndipo kawirikawiri mumakhala tisingano tating'onoting'ono topingasana mbali zitatu, kapena timiyala tina timene tinatsekeredwa m'katimo pamene ankakula. Inu mukaona zoterezi mumati mwala ndi wakuda, uli ndi zinyalala. Zinyalala zimenezo ndiye umboni wake. Choti muchiope ndi mwala waukulu, wofiira bwino, woyera m'kati ngati madzi a pachitsime, wobwera pa mtengo wa mbuzi. Rube wachilengedwe wotero ndi wosowa kwambiri moti amakagulitsidwa pa misika ya anthu olemera ku Geneva ndi ku Hong Kong. Sangakupezeni pa siteji ya minibasi.

Ndikuuzeni zoona, lupu siphunziridwa tsiku limodzi. Diso limafunika kuona miyala yambiri, yeniyeni ndi yabodza, pambali pa munthu wodziwa. Ndipo pali njira zina zatsopano zokulitsira rube, emarodi ndi ametisiti m'fakitale zimene zimasiya zizindikiro zofanana kwambiri ndi za m'nthaka, moti ngakhale wogula wa zaka zambiri amautumiza mwalawo ku labotale. Mabungwe ngati GIA amakhalira ntchito imeneyi, ali ndi makina a ndalama zambiri. Ngati akuluakulu a ku Bangkok, kumene rube wambiri wa dziko lapansi amadutsira, sakhulupirira diso lokha pa mwala wodula, iwe mwana wa kwa Chakhaza kapena kwa Kalumo usadziyese kuti tochi ya pafoni yakukwanira.

Palinso miyala imene ili pakatikati. Kuyambira cha mu 2004 pamsika padzaza rube wokumbidwadi pansi koma wong'alukang'aluka, wosayenera n'komwe kuikidwa pa mphete, amene amamudzaza galasi la mtovu m'ming'alu kuti aoneke wowala. Pa lupu mumaona tithovu m'ming'alumo ndi kung'anima kwabuluu mukamautembenuza. Madzi a mandimu okha amatha kumuwononga. Pa emarodi, chinyengo chodziwika ku Zambia n'chotenga galasi lobiriwira n'kulimata ndi guluu tizidutswa ta mwala wakuda wonyezimira umene emarodi amakuliramo, kuti lioneke ngati langochoka m'dzenje. Singano yotentha kapena madzi owira amaulula guluuyo. Nsangalabwi yonyikidwa mu utoto imasonkhanitsa mtunduwo m'ming'alu, ndipo thonje lonyowetsa ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo limatuluka lofiira kapena lobiriwira.

Tsopano za kwathu kuno. Munthu azidziwa chimene phiri lake limabala. Dowa amatchuka m'mabuku a za miyala chifukwa cha girafaiti wa ku Katengeza, mwala wakuda woterera uja wa m'pensulo, ndi jipisamu wa ku Mponela. M'matanthwe a mapiri athuwa, mwala wofiira umene mungakumane nawo kawirikawiri ndi ganeti. Ganeti ndi mwala wachilengedwe, ndipo woyera bwino, makamaka wofiirira mopita ku pinki umene amautcha rodolaiti, uli ndi msika wake. Koma si rube, ndipo mtengo wake uli kutali ndi wa rube. Vuto lake n'lakuti nsangalabwi siimukanda bwino, ndipo kulemera kwake kumayandikira kwa rube, choncho mayeso awiri aja angakusokeretseni. Yang'anani kaumbidwe. Ganeti amakula mobulungira, wa nkhope zambiri, kawirikawiri 12. Rube amakula ndi mbali 6, ngati kamgolo kapena kambale kokhuthala. Ganeti wofiira amakhala ndi chitsulo chambiri, moti kachidutswa kakang'ono kamatsatira maginito amphamvu, pamene rube sachita zimenezo. Rube mukamutembenuza pa kuwala amasintha pang'ono, mbali ina kufiira kopita ku pepo, mbali ina kopita ku lalanje. Ganeti amakhala mtundu umodzi mbali zonse.

Ndikutsindika za ganeti chifukwa ndaona mabanja akudana pa nkhani imeneyi. Mnyamata watola timiyala tofiira m'khwawa, mbiri yamveka kuti kwatuluka rube, anthu asiya kupalira n'kukakumba maenje m'munda wa amalume awo. Mvula yabwera, nthaka yapamwamba yapita ku Bua kapena ku Lingadzi, ndipo pomaliza wogula wanena kuti ndi ganeti wosweka wa pa kilo. Njala yalowa m'nyumba yomwe inali ndi chimanga. Wina akanangotenga timiyala tiwiri n'kukafunsa khasu lisanagwe pansi, zonsezo sizikanachitika. Ndipo za nkhalango ya Ntchisi musaziyambe n'komwe. Ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndiponso mitsinje imene amayi anu amatungako imachokera m'menemo.

Za dayamondi ndinena mwachidule. Ku Malawi kuno kulibe mgodi wa dayamondi umene ukugwira ntchito. Wobwera naye kuchokera ku Joni kapena ku Marange ku Zimbabwe popanda mapepala wakubweretserani chimodzi mwa ziwiri: bodza kapena mlandu, chifukwa kuyambira mu 2003 dayamondi wosasema sadutsa malire mololedwa popanda chikalata cha Kimberley. Pa zofanizira, kuyambira m'ma 1970 pali zikoniya, wowala kwambiri koma wolemera kuposa dayamondi. Kuyambira mu 1998 pali moisanaiti, amene amapusitsa ngakhale kamakina kaja kolira kamene mavenda amayezera. Ndipo dayamondi weniweni naye akupangidwa m'fakitale. Kampani ya General Electric inayamba kumupanga mu 1954, ndipo anachuluka moti mu 2018 kampani ya dayamondi ya De Beers yomwe inayamba kumugulitsa pa madola 800 kalati imodzi. Mitengo ya dayamondi wokumba yatsika, ndipo dziko la Botswana, limene limadalira mwala umenewu, lamva kuwawa. Ngati boma lathunthu likugwedezeka ndi mwala wa m'fakitale, thumba lanu ndi chiyani?

Kudziwa kumeneku sikukutetezani pogula pokha. Tsiku lina mudzatola chenicheni, ndipo wogula wochenjera adzachiyang'ana monyoza, n'kunena kuti ndi galasi chabe koma akuthandizani ndi ya sopo. Munthu amene akuti mwala wanu ndi wachabe koma sakufuna kuubweza, muyang'anitsitseni. Musagulitse kwa woyamba kuuona, ndipo woyeza asakhale yemweyo wogula. Musauphwanye kuti muone m'kati, musauotche, chifukwa mwala umodzi wathunthu umaposa zidutswa zake zonse pamodzi. Ujambuleni pafoni uli pa sikelo musanaupereke m'manja mwa wina, pakuti kusinthanitsa mwala m'kansanza ndi luso lakale.

Njira yowongoka ilipo ngakhale ndi yaitali. Likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala lili ku Zomba, ndipo a zamigodi ali ndi maofesi ku Lilongwe, ulendo wa maola ochepa kuchokera kuno. Kukumba kumafuna chiphaso, kugula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafunanso chiphaso chake, ndipo lamulo la migodi la 2023 linakhazikitsa bungwe loyang'anira zimenezi. Pali Gemstone Association of Malawi, palinso bungwe la amayi a zamigodi, kumene mungakumane ndi anthu amene agwira miyala zaka zambiri. Wogulitsa amene mwala wake ndi weniweni sakana kupita nanu kokayezetsa. Akayamba zoti nthawi yatha, zoti tichite mwachinsinsi a boma angatilande, zoti wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni apite kwa winayo. Changu chimenecho si chanu, n'chake, ndipo chili ndi chifukwa.

Tsono mawu amene ndikufuna muwasunge kwambiri ndi awa. Ena mwa inu mukadzazindikira kuti mwagula galasi kapena rube wa m'fakitale, mtima udzakuuzani kuti mukamugwetse wina kuti ndalama ibwerere. Musatero, adzukulu anga. Amene mudzamupeze ndi wosadziwa ngati mmene munalili inu, mwina mphunzitsi wopuma ntchito amene wangolandira ndalama zake za ukalamba, mwina mlamu wanu. Ndipo malonda a miyala amayenda pa dzina. Ogula akuluakulu ndi ochepa, amadziwana, amauzana. Akangogwira mwala wa m'fakitale umodzi m'phukusi lochokera ku Ntchisi, phukusi lililonse lochokera kuno adzaligula pa mtengo wokayika, ndipo adzalangidwa ndi mayi wosalakwa amene wasefa mchenga mwezi wathunthu. Ngati mwagwidwa nawo mwala wa m'fakitale, ugulitseni pa dzina lake kwa osula mphete ndi ndolo, kapena usungeni kuti anzanu aphunzirirepo mizere yopindika ija.

Ndipo kusungako ndikukulimbikitsani. M'malo moti aliyense azithamanga yekha ndi kansanza kake, sonkhanani anthu khumi kapena kuposerapo monga mumachitira pa kalabu ya fodya. Gulani lupu imodzi yabwino, sikelo, tochi ndi maginito. Sonkhanitsani m'kabokosi zitsanzo zodziwika: galasi lofiira, ganeti wa m'khwawa lathu, nsangalabwi, jipisamu, ndi kachidutswa ka rube wa m'fakitale kogula dala, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake. Sankhani awiri a maso akuthwa ndi mtima wofatsa kuti akaphunzire kwa odziwa, ndipo mmodzi akhale mtsikana, pakuti pa ntchito yosankha ndi kuyang'anitsitsa alongo anu sachepa ndi pang'ono pomwe. Mukhale ndi kope lolembamo mwala uliwonse, kumene watoledwa, tsiku, kulemera kwake ndi amene wauona, chifukwa ogula a masiku ano amafunsa kumene mwala wachokera ndipo amawonjezera mtengo pa umene mbiri yake ili yomveka. A mfumu adziwe za gululo, ndipo mwini munda avomere musanakumbe. Ndalama yogulira zidazi ichoke pa zokolola mutapatula kale ya feteleza ndi ya fizi ya ana.